Kapu ndi Sikelo: Kuyeza Yogati ya Zipatso ku Petauke ndi Nyimba

Aliyense amene adayendapo pa msewu waukulu wa Great East, kuchokera ku Lusaka, kuwoloka mlatho wa Luangwa, nakwera zitunda za Kacholola kufikira ku Nyimba ndi ku Petauke, adziwa kuti malonda a dziko lino la Ansenga ali ndi miyeso yakeyake imene siidalembedwe m'buku lililonse la boma, koma imene mwana aliyense wotumidwa kumsika amaidziwa pamtima. Nthochi za ku Nyimba, zimene mbiri yake idafika kutali, zimagulidwa pa phava kapena pa mkoko, tomato pa mulu, makala pa thumba, mafuta ophikira pa kabotolo, ndipo chimanga, nyemba ndi nshawa zimayezedwa pa meda kapena pa thini. Miyeso imeneyi idatumikira makolo athu mokhulupirika, pakuti wogula ndi wogulitsa onse amaona ndi maso awo pamene padalekeza katunduyo, ndipo mkangano ukabuka umathera pa basera.

Komatu pali muyeso wina umene udabwera ndi sikelo, ndipo mlimi amakomana nawo tsiku limene atengera thonje lake kwa ogula, kapena chimanga chake ku msika wa Food Reserve Agency, kumene safunsa kuti mwathira mameda angati m'thumba koma amangoyang'ana ngati lakwana makilogalamu 50. Masiku ano muyeso wa sikelowo walowanso m'khitchini. Mayi akagula yogati ya zipatso m'sitolo pa boma la Petauke apeza kuti pa chibekete cha yogati yolimba adalembapo magalamu, pamene pa botolo la yogati yakumwa kawirikawiri amalembapo mamililita. Akatsegula foni kuti aone kaphikidwe ka keke apeza malangizo ena akunena za makapu, ena za magalamu. Ndipo ngati m'nyumbamo muli wodwala matenda a shuga amene adauzidwa kuchipatala kuti aziwerengera zimene akudya, funso limakhala lomwelo: kodi kapu imodzi ya yogati ndi magalamu angati? Akuluakulu adati safunsa adadya phula, tsono ndi bwino kuti funsoli tiliyankhe mofatsa, chifukwa yankho lake lili ndi phunziro limene lipitirira yogatiyo.

Madzi ndiwo mboni

Malo amene chinthu chimatenga m'chiwiya ndi kulemera kwa chinthucho ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale kuti pakamwa timazisakaniza. Malita ndi mamililita amayeza malo. Makilogalamu ndi magalamu amayeza kulemera. Mlimi wa kwa Kalindawalo kapena wa kwa Ndake safunika kuuzidwa zimenezi, popeza adasenzapo thumba la thonje ndi thumba la chimanga, onse odzaza mofanana, ndipo khosi lake lidamuuza kusiyana kwake. Lita imodzi ya chimanga chouma imalemera magalamu apakati pa 720 ndi 750, kotero kuti meda ya malita 5 yosefukira pang'ono pokha siifika ngakhale makilogalamu 4, ndipo ichi ndicho chifukwa chake ogulitsa amaunjika kamulu pamwamba ndi ogula amayang'anitsitsa kamuluko.

Chimene chimalumikiza miyeso iwiriyi ndi madzi. Pamene dziko la France lidakhazikitsa miyeso yatsopano m'chaka cha 1795, anthu ophunzira a kumeneko adagwirizana kuti galamu imodzi ikhale kulemera kwa madzi odzaza kabokosi kotalika sentimita imodzi mbali zonse, kamene lero timati mililita imodzi. Motero lita imodzi ya madzi, imene ili mamililita 1,000, idakhala kilogalamu imodzi. Mayiko ambiri adalowa m'pangano la miyeso imeneyi m'chaka cha 1875, ndipo Zambia, imene idasiya mapaundi ndi masheleni n'kuyamba kwacha ndi ngwee mu Januwale 1968, idasiyanso mayadi, magaloni ndi mapaundi a sikelo m'zaka za m'ma 1970. Lero ntchito yoyang'anira masikelo a m'misika ndi m'masitolo ili m'manja mwa Zambia Metrology Agency, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2017.

Tsono kwa madzi okha ndi kumene mililita ndi galamu zimayenda pamodzi osasiyana. Chinthu china chilichonse chimakhala chopepuka kuposa madzi kapena cholemera kuposa madzi. Lita imodzi ya mafuta ophikira imalemera magalamu pafupifupi 920, n'chifukwa chake mafuta amayandama pamwamba pa msuzi. Lita ya uchi wa m'nkhalango za ku Nyimba imalemera magalamu pafupifupi 1,400, n'chifukwa chake uchi umamira pansi pa kapu ya tiyi kufikira utatakasidwa. Amene aiwala zimenezi nayesa kuti kapu ya chilichonse ndi magalamu 250 adzathira uchi wopyola muyeso ndi ufa wochepa, pakuti kapu yomweyo ya mamililita 250 imanyamula uchi wa magalamu pafupifupi 350, shuga wa magalamu pafupifupi 210, koma ufa wa tirigu wa magalamu pafupifupi 130 okha.

Yopanda mafuta ndiyo yolemera

Mkaka wa ng'ombe, pa magawo 100 alionse, magawo pafupifupi 87 ndi madzi. Otsalawo ndi mafuta, amene amakhala magawo atatu ndi theka kapena anayi, zomanga thupi zopitirira pang'ono magawo atatu, shuga wachibadwa wa mkaka wa magawo pafupifupi asanu, ndi timichere tochepa. Zomanga thupi, shuga ndi michere ndi zolemera kuposa madzi, pamene mafuta ndi opepuka, ndipo mbali ziwirizi zikakokana, lita imodzi ya mkaka wabwino imalemera magalamu pafupifupi 1,030. Pa nzeru imeneyi ndi pamene padakhazikika kachipangizo kagalasi kamene olandira mkaka kwa alimi amakayandamitsa m'chigubu: mkaka ukathiridwa madzi umapepuka, kachipangizoko kamamira mozama kuposa malire ake, ndipo wochita chinyengoyo amagwidwa popanda womuneneza.

Apa ndi pamene pali chodabwitsa chimene ambiri sachiyembekezera. Munthu akamva kuti yogati iyi ndi yopanda mafuta, mtima wake umamuuza kuti ndi yopepuka, koma sikelo imanena zina. Mafuta a mkaka ndi opepuka kuposa madzi, ndipo aliyense amene adasiyapo mkaka m'chiwiya usiku wonse adaona zonona zitayandama pamwamba mmawa; tsono mukachotsa chopepukacho, chimene chatsala chimakhala cholemera kuposa poyamba. Lita ya mkaka woyengulidwa mafuta imalemera magalamu pafupifupi 1,035. Kale zonona zinkayengulidwa ndi chipande, koma kuyambira m'chaka cha 1878, pamene Gustaf de Laval wa ku Sweden adakonza makina ozungulira mwaliwiro olekanitsa mafuta ndi mkaka, mafakitale amatha kuchotsa mafuta pafupifupi onse, ndipo yogati imene imatchedwa yopanda mafuta imakhala ndi mafuta osafika theka la galamu pa magalamu 100 alionse.

Kusasitsa mkaka sikusintha kulemera kwake kwenikweni. Makolo a Angoni ndi a mitundu ina yoweta ng'ombe ankasasitsa mkaka m'zipanda kalekale, ndipo mkaka wotere umadziwika ku Malawi ndi dzina loti chambiko, pamene kumwera ndi kumadzulo kwa Zambia amautcha mabisi. Yogati ndi mbale wake wa mkaka umenewu, kusiyana kwake n'kwakuti mkaka umayamba watenthetsedwa kufika madigiri 85 kapena 90, kenaka umaziziritsidwa kufika madigiri 43 kapena pafupi pamenepo, ndipo umathiridwa mitundu iwiri yosankhika ya tizilombo tosaoneka ndi maso, timene mtundu umodzi wa ito udadziwika koyamba m'chaka cha 1905 ndi Stamen Grigorov, wophunzira wa ku Bulgaria amene ankachita maphunziro a udokotala ku Geneva. M'maola anayi kufikira asanu ndi limodzi tizilomboto timasandutsa gawo la shuga wa mkaka kukhala chowawasa, zomanga thupi zimagwirana, ndipo mkaka umalimba. Koma palibe chimene chatuluka m'mphikamo, kotero kulemera kumakhala komweko.

Chimene chimawonjezera kulemera ndi zimene wokonza amathiramo. Yogati yopanda mafuta imakhala yamadzimadzi ndi yowawasa kwambiri, ndipo pofuna kubwezera kukoma kumene kudachoka ndi mafuta, mafakitale amathiramo mkaka waufa, zolimbitsa, shuga ndi zipatso zophikidwa m'shuga. Mwambo woika zipatso m'yogati yogulitsa udatchuka ku America m'chaka cha 1947, pamene kampani ya Dannon idayamba kuika zipatso pansi pa chibekete, ndipo lero wafalikira dziko lonse lapansi, kufikira m'mafiriji a masitolo a ku Petauke, kumene yogati imafika itayenda makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Lusaka. Zowonjezera zonsezi, makamaka shuga, ndi zolemera kuposa madzi.

Ziwerengero zake

Unduna wa zamalimidwe wa ku United States, umene mabuku ake a zakudya amagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, udalemba kuti kapu yawo imodzi ya yogati ya zipatso yopanda mafuta imalemera magalamu 245. Popeza kapu ya ku America ndi mamililita pafupifupi 237, ndiye kuti mililita iliyonse imalemera magalamu pafupifupi 1.04. Lamulo lake tsono ndi lofewa, loti munthu akhoza kuliwerengera m'mutu ali chiimire pa mbaula: pa mamililita 100 alionse muwonjezerepo magalamu 4. Supuni yaing'ono ya mamililita 5 ikhala magalamu 5 ndi kanyenyeswa kosawerengeka. Supuni yaikulu ya mamililita 15 ikhala magalamu pafupifupi 16. Theka la kapu, mamililita 125, likhala magalamu 130. Kapu yathunthu ya mamililita 250 ikhala magalamu 260. Ndipo lita imodzi ikhala magalamu 1,040.

Pobwerera m'mbuyo, kuchokera ku magalamu kupita ku mamililita, timagawa ndi 1.04, kapena kunena mwachidule, timachotsa mamililita 4 pa magalamu 100 alionse. Kachibekete ka magalamu 125 kali ndi mamililita pafupifupi 120. Ka magalamu 150 kali ndi mamililita 144. Chibekete cha magalamu 500 chili ndi mamililita pafupifupi 480, kutanthauza kuti sichidzaza makapu awiri, chimaperewera ndi supuni yaikulu imodzi ndi kagawo. Ndipo cha kilogalamu imodzi chili ndi mamililita pafupifupi 960. Mayi amene malangizo amuuza kuti athire makapu awiri, iye atagula chibekete cha magalamu 500, asadabwe kuona kapu yachiwiri isanafike pamlomo, ndipo asaganize kuti wa sitolo wamubera.

Chiwerengero cha 1.04 ndi chapakatikati, si chojambulidwa pamwala. Yogati ya shuga wambiri ndi zipatso zambiri imafika 1.06 kapena kupitirirapo pang'ono, pamene yogati imene yapuntidwa mwamphamvu n'kulowa mpweya imapepuka. Ndiponso yogati ikakhalitsa, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala kapena magetsi akazima kwa maola ambiri, imalekana: pamwamba pamayandama timadzi tachikasu, ndipo zipatso ndi shuga wake zimakhala pansi, kotero kuti wotunga pamwamba ndi wotunga pansi sapeza kulemera kofanana. Mankhwala ake n'kutakasa pang'onopang'ono ndi supuni musanayeze, osataya timadzito, chifukwa muli zomanga thupi ndi michere yolimbitsa mafupa.

Vuto lalikulu ndi kapu yomwe

Ngakhale tanena zonsezi, kunena zoona kusiyana kwa magalamu 10 pa kapu sikungawononge phala la mwana kapena keke ya pa Khrisimasi. Cholakwa chachikulu chimene chimagwetsa ophika ambiri chili m'chiwiya chimene amachitcha kapu, pakuti dzinali ndi limodzi koma ziwiya zake n'zosiyana kutalitali. Kapu ya m'mabuku a ku America ndi mamililita 237. Kapu ya m'mabuku a ku South Africa ndi ku Australia ndi mamililita 250. Kapu ya m'mabuku akale a ku Britain, amene amayi ena adaphunzira nawo zophikaphika m'masukulu a mishoni nthawi ya Northern Rhodesia, idali theka la painti, mamililita 284. Ndipo m'nyumba zathu kapu yadongo ya alendo siifika nthawi zina ngakhale mamililita 200, pamene kapu yachitsulo kapena yapulasitiki imene bambo amamwera maheu imapitirira 300. Amene atunga ndi kapu ya alendo apeza yogati ya magalamu pafupifupi 200, amene atunga ndi ya maheu apeza magalamu oposa 310, ndipo onse awiri adzalumbira kuti athira kapu imodzi.

Mayi wina wa ku Boston, Fannie Farmer, adatchuka m'chaka cha 1896 chifukwa cha buku lake la zophikaphika limene lidaumirira kuti kapu ndi supuni zizidzazidwa mofanana ndi mlomo wake, osati zosefukira kapena zoperewera, ndipo Amereka amakonda kuyeza ndi makapu pamene anthu a ku Ulaya amakonda sikelo. Ife tidalandira miyambo yonse iwiri, pamodzi ndi yathu ya meda, ndipo n'chifukwa chake chisokonezo chimachuluka. Malangizo a ku America amawonjezera msampha wina, pakuti ali ndi aunsi yoyezera kulemera, imene ili magalamu 28 ndi kagawo, ndi aunsi ina yoyezera zamadzi, imene ili mamililita pafupifupi 30; chibekete chawo cha maaunsi 8 a kulemera chili ndi magalamu 227, pamene kapu yawo ya maaunsi 8 a zamadzi imanyamula yogati ya magalamu 245.

Njira yothetsera zonsezi ndi kuyeza kapu yanu kamodzi, n'kuidziwa moyo wonse. Ikani kapu yopanda kanthu pa sikelo ndi kusunga chiwerengero chake, kapena, ngati sikeloyo ndi yamabatire, dinani batani limene limabwezera chiwerengero pa ziro. Kenaka dzazani madzi kufikira pamene mumalekezera masiku onse, ndipo magalamu a madziwo ndiwo mamililita a kapuyo, popeza madzi sanama pa nkhani imeneyi. Tayani madziwo, pukutani kapu, dzazani yogati yotakasa kufikira malo omwewo, salazani pamwamba ndi msana wa mpeni, muyezenso. Mukagawa kulemera kwa yogati ndi kulemera kwa madzi mudzapeza chiwerengero cha yogati yanuyanu, chimene chiposa cha m'buku lililonse. Wopanda sikelo m'nyumba akhoza kupempha kwa wogulitsa nyama kapena wa golosale amene amadziwana naye, malinga sikeloyo ikhale yowerenga magalamu ochepa osati ya matumba. Ndipo ngati izinso zavuta, botolo la madzi akumwa la mamililita 500 likhoza kuthandiza, poona kuti limadzaza kapuyo kangati. Polemba ndi penti kapena pokanda kamzere pa kapuyo, ntchito yatha.

Phindu la wamalonda

Kumene magalamu ochepawa amasanduka ndalama ndi kwa mayi kapena mnyamata amene amakonza yogati yogulitsa. Ng'ombe zimapezeka kumtunda kuno kwa Petauke kuposa kuchigwa cha Luangwa, kumene kashembe adaletsa kuweta kuyambira kale, ndipo zipatso sizisowa: nthochi za ku Nyimba chaka chonse, mango kuyambira Novembala kufikira Januwale, ndi malambe a kuchigwa m'chilimwe. Tiyeni tiwerengere mphika umodzi wongoyerekeza. Wokonzayo atenga malita 10 a mkaka woyengulidwa mafuta, amene alemera magalamu 10,350. Athiramo shuga wa kilogalamu imodzi ndi nthochi zokanya za kilogalamu imodzi. Zonse pamodzi zikhala magalamu 12,350. Koma malo ake sakhala malita 12 ndi kagawo monga momwe munthu angayembekezere, chifukwa shuga, amene m'pepala lake amatenga malo opitirira lita imodzi kaamba ka mpweya wokhala pakati pa timibulu take, akasungunuka amatenga mamililita pafupifupi 630 okha. Nthochizo zitenga lita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Mphika wonse tsono ukhala malita pafupifupi 11.65, ndipo lita iliyonse ilemera magalamu pafupifupi 1,060.

Ngati wokonzayo agulitsa m'mabotolo a mamililita 250, apeza mabotolo 46, lililonse lolemera magalamu 265. Ngati agulitsa pa magalamu 250, apeza zibekete 49. Kusiyana kwake ndi zitatu pa mphika uliwonse. Amene alemba pa chibekete kuti magalamu 250 koma nadzaza mamililita 250 akupereka basera la magalamu 15 kwa wogula aliyense osadziwa, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo: pakutha kwa mwezi basera losadziwikalo ladya phindu limene likadagula shuga wa mphika wina. Koma amene alemba kuti mamililita 250 nathira magalamu 250 okha wapereka mamililita 236, wamana wogula, ndipo ngakhale adachita mosadziwa, lamulo la dziko limafuna kuti chimene chalembedwa pa katundu chikhale chimene chili m'katimo. Malemba Opatulika, m'mabuku a Deuteronomo ndi Miyambo, amadzudzula mobwerezabwereza munthu wosunga miyeso iwiri m'thumba lake, waukulu wogulira ndi waung'ono wogulitsira. Ndipo ngakhale mlandu wa wosadziwa ndi wopepuka kuposa wa wochenjera, wogula amene wamanidwa saona kusiyana kwake.

Pali chifukwa chinanso chimene wokonza yogati ayenera kukondera sikelo, ndicho chakuti zipatso siziyezeka bwino ndi kapu. Nthochi zodulidwa m'zidutswa zikuluzikulu zimasiya mipata, zokanya zimadzaza pothithikana. Ufa wa malambe ndi wopepuka kwambiri ndipo umamwa madzi, kotero supuni imodzi yopyola imalimbitsa ndi kuwawasitsa mphika wonse. Wogula amene adakonda yogati ya Lolemba amafuna kuipeza chimodzimodzi Lachisanu, ndipo kukoma kosasinthasintha kumabwera pokhapokha shuga ndi zipatso zikayezedwa pa magalamu tsiku lililonse. Tikumbutsenso kuti papaya ndi chinanazi zosaphika zimawawitsa yogati ndi kuisungunula, chifukwa zili ndi mphamvu yogaya zomanga thupi za mkaka, motero ziyenera kuphikidwa kaye. Ndiponso kuti mkaka wochokera m'khola uyenera kutenthetsedwa mokwanira nthawi zonse, popeza wosaphika ukhoza kupatsira anthu chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ena.

Wodwala ndi mwana

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawu akuti yopanda mafuta amakopa munthu wofuna kuchepetsa thupi kapena wodwala shuga, koma taona kale kuti pamene mafuta adachoka padalowa shuga. Pa chibekete chilichonse chokonzedwa kufakitale amalembapo kuchuluka kwa zakudya zimene zili m'magalamu 100, ndipo apa ndi pamene kudziwa kulemera kwa kapu kumakhala nkhani ya moyo. Ngati palembedwa kuti shuga ndi magalamu 12 pa magalamu 100, munthu amene wamwa kapu ya mamililita 250 wamwa magalamu 260 a yogati, ndipo shuga wake ndi magalamu 31. Ngati wamwera m'kapu yaikulu ija ya maheu, shuga wapitirira magalamu 37. Gawo lina la shugayu ndi wachibadwa wa mkaka, koma lalikulu ndi wothiramo. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, lidalangiza m'chaka cha 2015 kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zonse zimene munthu amalandira m'chakudya pa tsiku, zimene kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50. Kapu imodzi yotsekemera ikhoza kudya gawo lalikulu la malire amenewa dzuwa lisanafike pamutu, tiyi wa mmawa tisanamuwerengere. Wodwala shuga angachite bwino kugula kapena kukonza yogati yopanda shuga, n'kudziikira yekha chipatso chimene wachiyeza monga adamulangizira a kuchipatala.

Kwa ana aang'ono nkhani ndi yotembenuka. Mwana wosafika zaka ziwiri amafuna mafuta a mkaka kuti thupi ndi ubongo wake zikule, ndipo mimba yake ndi yaing'ono, yosatha kulandira chakudya chambiri chopanda mphamvu; choncho yogati yopanda mafuta si yake, ngakhale itakhala yodula ndi yooneka bwino m'sitolo. Iye ayenera kulandira ya mafuta ake onse, yosathira shuga, yosakaniza ndi nthochi yakupsa yokanya, powonjezera pa kuyamwa ndi phala la nshawa.

Palibe chifukwa chotayira meda, thini kapena kapu ya m'nyumba, ngati kuti ndi zinthu zachikale zochititsa manyazi, pakuti ziwiya zimenezi n'zofulumira, sizifuna mabatire, ndipo zidzakhalabe m'misika ya Petauke ndi Nyimba kwa zaka zambiri zikubwerazi. Chofunika n'chakuti mwini chiwiya adziwe kuti chimanyamula mamililita angati, ndiponso kuti chinthu chimene wathiramo chimalemera motani poyerekeza ndi madzi. Pa yogati ya zipatso yopanda mafuta chiwerengerocho ndi magalamu 104 pa mamililita 100, kapena 106 ikakhala yotsekemera kwambiri; pa uchi, mafuta, ufa ndi chimanga chiwerengero n'china, ndipo chilichonse chikhoza kupezeka ndi njira yomweyo ya kapu, madzi ndi sikelo. Munthu amene wachita zimenezi kamodzi amatha kuwerenga malangizo a ku Lusaka, a ku Johannesburg kapena a ku America osasokonezeka, amatha kuika mtengo pa malonda ake osadzibera kapena kubera mnzake, ndipo akafunsidwa kuchipatala kuti amadya zochuluka bwanji, amayankha ndi chiwerengero chimene namwino akhoza kuchigwiritsa ntchito.